Namwino wachilendo ndi mawu a odwala

Ku sukulu ya zaumoyo ya mumzinda wa Tete, achinyamata amaphunzira unamwino m'Chipwitikizi. Koma akafika pa chipatala cha Ulónguè kapena cha Tsangano, amapeza odwala ambiri akulankhula Chichewa chokhachokha. Kwa namwino amene kwawo ndi ku Nampula kapena ku Inhambane, vuto limayambira pomwepa.

Mayi akanena kuti "ndasiya kusamba," mlendoyo amaganiza za madzi ndi sopo, chonsecho mayiyo akutanthauza kuti mwina ali ndi pakati. Kumvana molakwika kotere nkoopsa, pakuti pali mankhwala ena amene sayenera kuperekedwa kwa mayi woyembekezera. Nawo mawu akuti "malungo" amasokoneza. Kumudzi thupi likangotentha amati ndi malungo, pamene namwino ayenera kuyamba wayeza magazi.

Nchifukwa chake namwino watsopano amadalira azamba ndi anzake a konkuno kuti azimumasulira. Koma usiku, akatsala yekha ndi odwala, womasulira amasowa.

Tsono mukapita kuchipatala, musazungulire chifukwa cha manyazi. Lozani pamene pakupweteka, nenani tsiku limene matenda anayamba, ndipo musabise ngati mwamwa kale mankhwala azitsamba. Namwino akafunsa kawiri si mwano ayi, akufuna amvetse.