Maso ali pamsewu, nzeru zili pafoni: momwe kompyuta imayezera chidwi cha munthu

Pa msika wa Ulongue kapena pa malire a Calómuè, si zachilendo kuona woyendetsa njinga yamoto atasenza matumba a kachewere, uku foni ili kukhutu. Wina akamudzudzula, amayankha kuti maso ake ali pamsewu. Sakunama ayi. Koma akatswiri ofufuza kaganizidwe ka munthu anapeza kuti maso angathe kulunjika pa chinthu, mwini wake osachiona, chifukwa ubongo umasankha chinthu chimodzi n'kutaya zina. Kusankhako kumayezedwa, ndipo masiku ano muyezo wake umachitikira pa kompyuta.

Zinayambira pa pepala

M'chaka cha 1935, John Ridley Stroop wa ku Tennessee, m'dziko la America, anafalitsa kafukufuku amene mpaka lero amatchedwa ndi dzina lake. Iye anapatsa ophunzira 100 mapepala awiri. Pa pepala loyamba panali timabokosi topakidwa mitundu yosiyanasiyana, ndipo ntchito inali kutchula mtundu wa kabokosi kalikonse. Pa lachiwiri panali mayina a mitundu, koma olembedwa ndi inki yosemphana ndi mawuwo. Mwachitsanzo, mawu akuti "kufiira" analembedwa ndi inki yobiriwira. Ophunzirawo anauzidwa kuti asawerenge mawu, angotchula mtundu wa inki.

Kutchula timabokosi 100 kunkawatengera masekondi pafupifupi 63. Kutchula inki ya mawu 100 osemphanawo kunkawatengera masekondi pafupifupi 110. Masekondi 47 owonjezerawo ankathera pa kulimbana ndi mawu amene anauzidwa kuti asawalabadire. Munthu wozolowera kuwerenga amawerenga ngakhale asakufuna, ndiye ubongo umayamba wakankha yankho lolakwika usanapereke lolondola.

Momwe muyezowu umayendera pa kompyuta

Stroop ankagwiritsa ntchito wotchi yapamanja. Ofufuza a lero amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga PsychoPy, yomwe ndi yaulere ndipo inayambitsidwa ndi Jonathan Peirce wa pa yunivesite ya Nottingham ku England.

Choyamba, munthu woyezedwa amauzidwa zimene zichitike, ndipo amavomera mwa kufuna kwake. Ali ndi ufulu wosiya nthawi iliyonse, ndipo m'malo mwa dzina lake amalemba nambala. Amafunsidwanso ngati maso ake amasiyanitsa bwino mitundu, poti pali anthu ena, makamaka amuna, amene amavutika kusiyanitsa kufiira ndi kubiriwira.

Kenako amakhala m'chipinda chopanda phokoso, zala zili pa mabatani. Batani lililonse limaimira mtundu umodzi. Amayamba wayeserera kangapo kuti zala zizolowere. Muyezo weniweni ukayamba, pakati pa sikirini pamaoneka kamtanda kosonyeza poyang'ana. Kamtandako kakachoka pamabwera liwu limodzi, ndipo iye amadina batani la mtundu wa inkiyo mofulumira momwe angathere.

Kompyuta imasunga zinthu ziwiri: ngati wakhoza kapena walakwa, komanso nthawi imene yadutsa asanadine. Nthawiyo imawerengedwa m'tizigawo ting'onoting'ono, sekondi imodzi itagawidwa ka 1000. Apa ndi pamene kompyuta imaposera wotchi, chifukwa kuchedwa kwa pa liwu limodzi sikukwana ndi sekondi yomwe.

Mawu ogwirizana ndi inki yake komanso osemphana nayo amasakanizidwa mwachisawawa kuti munthu asalote chimene chikubwera. Amabwerezedwa kambirimbiri, ndiponso pa anthu ambiri, chifukwa munthu mmodzi akhoza kuyetsemula kapena kukhala atatopa tsiku limenelo. Pomaliza ofufuza amayerekeza nthawi ya magulu awiri a mawuwo. Kusiyana kwake ndiwo mtengo wa chododometsa.

Muyezowu umadalira kudziwa kuwerenga. Munthu amene sanaphunzire kuwerenga, kapena amene wapatsidwa mawu a chilankhulo chachilendo, sachedwa chifukwa mawuwo samuuza kanthu. Koma wodziwa zilankhulo ziwiri, monga Chichewa ndi Chipwitikizi, amasokonezedwa ndi zonse ziwiri: liwu lakuti "verde" lolembedwa mofiira limamupunthwitsa ngakhale akuyankha m'Chichewa. Choncho muyezowu suyeza nzeru za munthu. Aphunzitsi ndi ana asukulu angathe kuuyesa popanda kompyuta, pogwiritsa ntchito mapepala awiri, zolembera za mitundu ndi wotchi ya pa foni.

Nyani amene theka la anthu silinamuone

Muyezo wa Stroop umaonetsa chinthu chosafunika chikulowerera. Palinso mbali ina yoopsa kwambiri, pamene chinthu chachikulu chimadutsa osaonedwa. M'chaka cha 1999, Daniel Simons ndi Christopher Chabris, pa yunivesite ya Harvard, anaonetsa anthu kanema wa magulu awiri oponyerana mpira, lina lovala malaya oyera, lina akuda. Oonerawo anauzidwa kuwerenga kuti gulu limodzi laponyerana kangati. Masewero ali mkati, munthu wovala ngati nyani wamkulu wotchedwa gorila anadutsa pakati pa osewerawo. Pafupifupi theka la oonera silinamuone. Amene ankawerenga gulu la zoyera ndiwo anamuphonya kwambiri, chifukwa ubongo wawo unali utayamba kale kutaya chilichonse chakuda.

Kodi luso pa ntchito limateteza? Mu 2013, Trafton Drew ndi anzake ku Boston anapatsa madokotala 24 odziwa kuwerenga zithunzi za m'chifuwa ntchito yofufuza timatenda m'mapapo pa kompyuta. Pa chithunzi china anaikapo kagorila, kokula kuwirikiza ka 48 poyerekeza ndi zimene madokotalawo ankafunafuna. Madokotala 20 sanakaone. Makina otsatira kayendedwe ka maso anasonyeza kuti ambiri mwa iwo anayang'ana pamalo pomwepo.

Foni ndi chiwongolero

David Strayer ndi anzake a pa yunivesite ya Utah anatengera mayeso oterewa pa kuyendetsa galimoto. Poti n'kosaloledwa kuika anthu pangozi pamsewu weniweni, anagwiritsa ntchito galimoto yoyeserera: mpando, chiwongolero ndi mabuleki zolumikizidwa ku kompyuta, msewu ukuoneka pa sikirini. Pa kafukufuku amene anafalitsa mu 2006, madalaivala 40 ankatsatira galimoto ina imene inkamanga mabuleki mosayembekezereka. Akamalankhula pa foni ankachedwa kuponda buleki kusiyana ndi pamene sankalankhula. Kuchedwako kunalipo ngakhale foni isali m'manja. Tanthauzo lake n'lakuti tizingwe ta m'makutu timamasula dzanja lokha, pomwe nzeru zimakhalabe kwa munthu wa pa foniyo.

Kuchedwa kwa theka la sekondi kumaoneka kochepa pa sikirini. Koma njinga yamoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita oposa 16 pa sekondi imodzi. Theka la sekondi ndi mamita 8, mtunda wokwanira kugunda mwana kapena mbuzi imene yadumphira mumsewu.

Zimene mlimi angatolepo

Mayesowa anachitikira kutali, pa anthu okhala pampando m'chipinda, osati pa misewu yafumbi ya ku Tsangano kapena Macanga. Komabe zimene anayeza ndi kagwiridwe ntchito ka ubongo wa munthu, ndipo zimakhudza ntchito zambiri za kumudzi. Mlimi amene akuwerenga ndalama za chimanga, wogula akumuchezetsa, ali ngati uja wowerenga mpira. Amene akuyang'ana muvi wa sikelo mwina sangaone phazi kapena dzanja limene lakhudza thumba. Amene akuyeza mankhwala opopera tomato foni ikulira angathire kawiri kapena kuiwala kutseka botolo ana ali pafupi.

Vuto lalikulu n'lakuti munthu sadziwa chimene waphonya. Ambiri mwa amene sanaone gorila uja anadabwa kwambiri atawaonetsanso kanemayo, ena mpaka kukayikira ngati ndi yemweyo. N'chifukwa chake kudzidalira sikuthandiza, ndipo kulimbikira kuyang'anitsitsa nakonso kumangochepetsa zimene munthu akuona m'mbali.

Chothandiza n'kukonza ntchito kuti chidwi chisagawike. Pogulitsa mbewu ndi bwino kupita anthu awiri, wina aziyang'ana sikelo, wina thumba. Ndalama ziwerengedwe macheza atayamba aima, ndipo zibwerezedwe. Poyeza mankhwala, foni ikhale patali mpaka botolo litatsekedwa. Woyendetsa njinga yamoto, foni ikalira, aime kumbali kwa msewu n'kuyankha. Wokwera naye ali ndi ufulu womupempha kutero, poti moyo umene uli panjingapo ndi wa onse awiri.