KALALIKI AMENE SATOPA

 Mlungu wapitawu mnzanga wina amene wangolembedwa nchito kwa kontrakita wa pa mgodi anadza kwa ine ali wozizwa. Iye anali atayankha mafunso pa foni yace ali khale m'nyumba, ndipo asanamalize kumwa tiyi, cikalata ca pangano la nchito cinamfika pa foni pomwepo, cotaipidwa bwino, dzina lace ndi malipiro ace ziri m'malo mwace. Anafuna kudziwa kuti kalaliki wa liwiro lotere ndani. Ndinamuuza kuti palibe munthu amene anacitaipa, ndipo lero ndifuna kukufotokozerani monga ndinamfotokozera iye.

Akulu-akulu akumbukira m'mene zinali kale. Munthu ankaima pa zenera la ofesi, kalaliki nalemba dzina lace m'buku, nalilembanso pa khadi, nalitaipanso pa kalata, ataika pepala la kaboni pakati kuti mapepala aturuke awiri kapena atatu. Dzina limodzi linkalembedwa kasanu, ndipo pofika kacisanu, Mwale anali atasanduka Mwela. Anthu anayamba kale kufuna njira yocepetsera nchito imeneyi. Ku America, m'zaka za m'ma 1890, kunapangidwa makina ochedwa Addressograph, amene ankadinda maina ndi makeyala kucokera pa timapale tacitsulo. Ca m'ma 1980 pulogalamu ya pa kompyuta yochedwa WordStar inali ndi njira yothira maina ambiri m'kalata imodzi, ndipo njira yomweyo iri m'Microsoft Word, kumene amaichula Mail Merge. Catsopano m'masiku athu ano ndi cakuti maina aja salembedwanso ndi kalaliki. Mumawalemba ndinu eni ace, pa fomu ya pa intaneti.

Aliyense amene anaumbapo njerwa adziwa cikombole. Mmisiri acikhoma kamodzi, ndipo njerwa zikwi-zikwi zituruka zofanana. Cikalata ca mu ofesi naco ciri ndi cikombole cace. Mwini nchito alemba mau onse amene sasintha, monga malamulo a pangano ndi dzina la kampani, nasiya mipata pamene payenera kulowa za munthu. Mpata uliwonse uli ndi cizindikilo cace, cotero kuti mzere woyamba uoneka motere: "Ine «dzina», wa nambala ya reji «reji», ndabvomera kuyamba nchito pa «tsiku»." Tsono inu mukayankha mafunso a pa fomu ndi kutumiza, mayankho anu apita kukakhala pa mzere umodzi m'ndandanda yaikuru ya mizere ndi timabokosi. Google Forms, imene inayamba mu 2008, imaika mayankho otere m'ndandanda ya Google Sheets. Pamenepo kapulogalamu kena katenga zimene ziri m'kabokosi ka dzina nikaziika mu mpata wa dzina, za m'kabokosi ka tsiku mu mpata wa tsiku, mpaka mipata yonse itadzala. Kakatha, kasandutsa cikalataco kukhala PDF, kuti mau ace asasokonezeke, nikacitumiza kwa inu.

Phindu lace liri poyera. Mai wa grosale amene apereka katundu ku makantini akhoza kuturutsa cikalata ca mitengo, invoisi ndi lisiti kucokera pa mayankho amodzi, nambala ya TPIN ya wogula italembedwa kamodzi kokha. Wolemba anthu nchito nayenso apepukidwa, pakuti lamulo la nchito la 2019 lifuna kuti pangano la miyezi 6 kapena kuposapo likhale lolembedwa, ndipo kulemba mapangano 200 pa manja si masewera ai.

Koma apa mpamene ndifuna kuti mutchere khutu. Kalaliki wakale uja anali waulesi nthawi zina, anali wamwano nthawi zambiri, koma anali ndi maso. Mukamuuza kuti munabadwa caka ca mawa, ankatukula mutu nakuyang'anani. Kalaliki watsopanoyu satukula mutu. Cimene mwampatsa ndi cimene alemba, ndipo acilemba pa zikalata zonse nthawi imodzi. Cikombole cikapotoka, njerwa zonse za mu uvuni zipotoka.

Zolakwa zina sizicokera kwa inu nkomwe. Nambala ya foni ya kuno imayamba ndi 0, koma ndandanda za pa kompyuta zikaiona ngati nambala yowerengera, zimataya 0 wa kutsogoloyo, pakuti pa masamu alibe kanthu. Masiku nao ali ndi msampha. Ife tikalemba 05/06 titanthauza pa 5 Juni, pamene Amereka, amene apanga mapulogalamu ambiri, ayamba ndi mwezi nawerenga kuti pa 6 Meyi. Taganizani munthu amene pangano lace licula tsiku loyamba nchito losiyana ndi loona ndi mwezi wathunthu. Pa tsiku lowerengera masiku ace a chuti kapena ndalama zomsiyitsira nchito, pepala ndi limene lidzamveka, osati pakamwa pace. Ine ndemwe zinandionekera: ofesi ina inanditumizira kalata imene mpata wa dzina unali wosadzazidwa, ndipo ndinapatsidwa moni monga Bambo «dzina». Ndinaseka, cifukwa inali kalata yondiitanira ku msonkhano cabe. Ikanakhala ya ndalama sindikanaseka.

Cobvuta koposa ndi maina. Ambiri a ife tiri ndi dzina la ku nyumba, dzina la ubatizo, ndi lina la ku mgodi limene anzathu atipatsa. Pa fomu lembani limene liri pa reji yanu, lemba ndi lemba, ngakhale amene anakulemberani rejiyo analiphonya. Nambala ya reji iri ndi zigawo zitatu: manambala 6, kenaka 2, kenaka 1. Iwerengeni kawiri musanatumize, pakuti ndiyo imene a NAPSA ndi a ku banki adzakufunani nayo. Wogwira nchito amene zopereka zace za penshoni zalembedwa pa nambala yolakwika angakhale zaka osadziwa kanthu, nadzazindikira atakalamba, miyendo yoyendera maofesi itatha mphamvu.

Kwa inu a masitolo ndi maofesi amene mufuna kuyamba njira imeneyi, yambani mwayesa ndi maina opeka atatu kapena anai, muwerenge cikalata cimene caturuka kuyambira pamwamba kufikira pansi, musanaitane anthu. Konzani fomu kuti ikane nambala yoperewera, ndi kuti tsiku lizisankhidwa pa kalendala. Ndipo musafunse zimene cikalata sicifuna. Dziko lathu liri ndi lamulo la 2021 losunga cinsinsi ca mbiri ya anthu, ndipo ndandanda imene muli maina, mareji ndi malipiro a anchito anu siyenera kukhala yotseguka kwa aliyense amene wapeza keyala yace.

Mnzanga uja nditamuuza zimenezi anatsegulanso cikalata cace, ndipo tinaciwerenga pamodzi mzere ndi mzere. Dzina linali bwino, tsiku linali bwino, koma nambala ya foni inalibe 0 wace. M'mawa mwace anapita ku ofesi kukaikonzetsa asanasaine.