Chigayo cha kwa aphunzitsi

Mphunzitsi wopuma pantchito akamanga chigayo pamudzi, anthu amachitchabe "cha kwa aphunzitsi" ngakhale patapita zaka chigulitsireni kwa munthu wa m'tauni. Mnyamata wogaya ndi yemwe uja, ufa ukutuluka chimodzimodzi. Koma madzulo ndalama zimakwera minibasi, ndipo zokweza mtengo kapena kutseka chigayocho sizikambidwanso pamudzipo.

Ndi mmene zilili ndi Land Rover, galimoto imene ambiri tinakula tikuiona ku mishoni ndi kwa a DC, n'kumati uyu ndiye Mngelezi weniweni. Inabadwiradi ku Solihull mu 1948. Koma mu 1994 inalowa m'manja mwa BMW ya ku Germany, mu 2000 inapita kwa Ford ya ku America, kenaka mu 2008 Tata Motors ya ku India inaigula pamodzi ndi Jaguar pamtengo wa madola 2.3 biliyoni. Tangoganizani, dziko limene Angelezi ankalilamulira mpaka 1947 ndilo lasunga makiyi.

Eni atsopano salifufuta dzinalo chifukwa ndilo amagula kwenikweni. Makina atha kuwapeza kwina kulikonse, koma chikhulupiriro cha makasitomala chimatenga mibadwo kuti chikhwime.

Sikuti mwini wachilendo amangobwera kudzakolola. Pansi pa Tata, kampaniyi inatsegula fakitale ya mainjini pafupi ndi Wolverhampton mu 2014, anthu n'kupeza ntchito. Komabe Defender yatsopano, mdzukulu wa galimoto ya ku mishoni ija, ikupangidwira ku Nitra m'dziko la Slovakia.

Nkhani yowawa ndi ya chokoleti cha Cadbury, bizinesi imene inayambira ku Birmingham mu 1824. Kraft ya ku America poigula mu 2010 inanena kuti ikukhulupirira kuti fakitale ya Somerdale, kufupi ndi Bristol, ipitiriza kugwira ntchito ngakhale kuti eni akale anali atakonza kale zoitseka. Antchito anapumira m'mwamba. Patangotha masiku ochepa chigulireni, Kraft inati zimenezo sizitheka. Fakitale inatsekedwa mu 2011, ntchito n'kusamukira ku Poland, pepala lokutira chokoleti lili lofiirira lomwe lija.

Kumeneku kunali kusewera ndi mitima ya anthu. Chaka chomwecho, Britain inakhwimitsa malamulo ogulira makampani kuti wogula azinena poyera zimene akufuna kuchita ndi mafakitale komanso antchito.