Makalaliki a kuchipatala ndi matenda osawerengedwa

Mwa onse ogwira ntchito m'zipatala za ku Dedza, amene satchulidwa kawirikawiri ndi kalaliki, uja amatenga kabuku ka kuchipatala ka wodwala n'kukopera m'kaundula zaka, mudzi ndi matenda amene adokotala apeza. Mwezi ukatha amawonkhetsa, lipoti n'kupita ku ofesi ya zaumoyo ya m'bomalo (DHO), kumene limalowetsedwa mu pulogalamu ya pakompyuta ya DHIS2 kuti Unduna wa Zaumoyo ku Lilongwe ulione. Kumudzi ntchitoyi ili m'manja mwa alangizi a zaumoyo, ma HSA, amene ndondomeko ya unduna imafuna kuti mmodzi aziyang'anira anthu 1,000. M'boma la anthu oposa 830,000, malinga ndi kalembera wa 2018, kafukufuku aliyense wa nyamakazi ndi matenda a pakhungu adzayambira pa zimene manja amenewa alemba, ndipo panopa zolembedwazo n'zoperewera.

Malungo ali ndi kachipangizo koyezera, HIV ndi TB zili ndi makaundula akeake. Nyamakazi ilibe mwini. Mayi wa ku Bembeke amene wakalamba akusenza mbatatesi m'zitunda akabwera m'chisanu cha June mawondo atatupa, amalandira panado kapena brufen, m'kaundula n'kulowa ngati wophwanya m'thupi. Chonsecho nyamakazi ili mitundumitundu: ina ndi kuperepeseka kwa m'molumikizira mafupa, ina ndi chitetezo cha thupi chimene chaukira mwini wake, ndipo iyi imapinda zala ikapanda mankhwala ake. Pakhungu ndi chimodzimodzi. Mphere, zipere ndi banga lotuwa losamva kukhudza, limene lingakhale chiyambi cha khate, zikaunjikidwa pamodzi ngati ziwengo, wofufuza sangazilekanitsenso. Apa kalaliki alibe mlandu, poti amakopera zimene wapatsidwa.

Kuti kulemba mosamala kumapindula tinakuonera ku Karonga. Kuyambira 1979, mothandizidwa ndi bungwe la LEPRA, ogwira ntchito a ku Chilumba ankayenda khomo ndi khomo kuyang'ana khungu la munthu aliyense, n'kumupatsa nambala yake kuti adzampezenso zaka zikadutsa. Makaundula amenewo ndiwo anaonetsa kuti kubayanso katemera wa BCG kachiwiri kumachepetsa khate ndi pafupifupi theka. Dedza khate imalidziwa, pakuti ku Mua amishoni ankasamalirako akhate. Malawi inafika pa mlingo wa WHO wogonjetsera matendawa mu 1994, komabe odwala atsopano amapezekabe, ndipo woyamba kuona banga lija nthawi zambiri ndi mlangizi wa panjinga.

Ena anena kuti mphere sipha, bwanji kuwonjezera mizere m'kaundula wa munthu amene wapanikizika kale ndi mzere wa odwala. N'zoona kuti mafomu achuluka, ndipo ena amafunsa chinthu chimodzi kawiri. Amenewo ndiwo ofunika kuchotsa. Koma zilonda za mphere zikalowa tizilombo zingathe kuwononga impso za mwana, n'chifukwa chake WHO inaika mphere m'gulu la matenda onyalanyazidwa mu 2017, ndipo mlimi wopindika zala ndi nyamakazi wasiya khasu ngakhale ali moyo. Mankhwala nawo amaitanitsidwa potengera manambala, choncho matenda osalembedwa sagulidwira kanthu.

Nkhawa yolemera ndi ya chinsinsi. Mawu akuti wakhate akadali chipongwe m'midzi, ndipo kalaliki nthawi zina ndi mnansi wa wodwalayo. Wofufuza amayenera kupeza chilolezo ku National Health Sciences Research Committee kapena ku komiti yoona za kafukufuku ya ku yunivesite ya KUHeS, ndipo kuyambira 2024 pali lamulo la Data Protection Act. Malamulowo amateteza bwino zimene zafika mu kompyuta mayina atachotsedwa, pomwe kaundula wapepala amagona pa tebulo mayina ali poyera. Kabati yokhoma, maphunziro a kasungidwe ka chinsinsi ndi malipiro okhazikika a kalaliki ziyenera kulowa mu bajeti ya kafukufukuyo pamodzi ndi mafuta a galimoto.