Zotsatsa Malonda Zolondola Munthu pa Intaneti ndi Kusankha Browser

Zotsatsa malonda za pa intaneti zimasiyana ndi za pawailesi, za m'nyuzipepala kapena za pazikwangwani za m'mbali mwa msewu pa mfundo imodzi yaikulu, yakuti anthu awiri amene atsegula tsamba limodzi pa nthawi imodzi kawirikawiri saona uthenga wofanana, chifukwa aliyense amasankhiridwa wake malinga ndi zimene makampani akudziwa kale za iye. Chikwangwani cha pamsewu sichidziwa amene akudutsa, pomwe uthenga wa pa intaneti umatumizidwa makompyuta ataunika kale dera limene munthuyo ali, mtundu wa foni imene wagwira, zimene anafufuza dzulo ndi masamba amene anawerenga sabata yatha. Choncho pa nkhani yotchinga zotsatsa malonda pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza kawirikawiri, zomwe ndi kuchotsa chithunzi chosowetsa mtendere pamaso ndi kuletsa makampani kulondola mapazi a munthu. Chachiwirichi ndicho chachikulu, ndipo chimadalira kwambiri browser, imene ndi pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome, Firefox, Safari, Edge kapena Opera.

Chiyambi cha kulondolaku chili m'chaka cha 1994, pamene tsamba la ku America lotchedwa HotWired linayamba kuika zithunzi zotsatsa malonda, kuphatikizapo cha kampani ya matelefoni ya AT&T, ndiponso pamene katswiri wina wa kampani ya Netscape, Lou Montulli, anapanga kanthu kotchedwa cookie. Cookie ndi kachidutswa ka mawu ndi manambala kamene tsamba limasiya mu browser ya munthu kuti lidzamuzindikire akadzabweranso, ndipo cholinga chake poyamba chinali chabwino, popeza popanda kameneka tsamba likanamaiwala mlendo wake nthawi iliyonse akadina ulalo wina, moti sitolo ya pa intaneti sikanatha kukumbukira katundu amene wogula wasankha. Vuto linabadwa pamene anthu anazindikira kuti tsamba limodzi limamangidwa ndi zidutswa zochokera ku makompyuta a makampani ambiri, ndipo kampani iliyonse imene yaikapo chithunzi kapena kapulogalamu ikhoza kusiyanso cookie yake. Kampani yotsatsa malonda imene ili ndi malo pa masamba masauzande imatha kuwerenga cookie imodzimodziyo paliponse pamene munthuyo wafika, n'kulumikiza maulendo ake onse kukhala mbiri imodzi. Imeneyi ndiyo ntchito imene inakuza kampani ya DoubleClick, yomwe Google inaigula mu 2008 pa mtengo wa madola 3.1 biliyoni a ku America.

Mmene malo otsatsira malonda amagulitsidwira masiku ano n'zofanana ndi okushoni ya fodya, kungoti katundu amene ali pamsika ndi maso a wowerenga. Tsamba likamatseguka, uthenga umatumizidwa kwa makampani ambiri wonena kuti pali munthu wakutiwakuti, wodziwika ndi nambala yakuti, amene ali m'dera lakuti ndipo akuwerenga nkhani yakuti, kenaka makompyuta a makampaniwo amatchula mitengo, ndipo wopambana ndiye amaonetsa uthenga wake, zonsezi zikuchitika sekondi imodzi isanathe. Mbali imene anthu ambiri saiganizira, yomwe ndi yodetsa nkhawa kuposa zonse, ndi yakuti ngakhale makampani amene agonja pa okushoniyo amakhala atalandira kale uthenga wofotokoza za munthuyo. Wowerenga nkhani ya matenda ena ake, ya ngongole kapena ya ndale amakhala waulula chidwi chake kwa anthu amene sanamvepo ngakhale mayina awo, ndipo alibe njira yotsatira kumene uthengawo wakathera.

Kufufuta ma cookie pakokha sikuthetsa vutoli, chifukwa pali njira ina yozindikirira munthu imene akatswiri amaiyerekeza ndi chidindo cha chala. Browser iliyonse imaulula tinthu ting'onoting'ono monga kukula kwa sikirini, chinenero chimene mwini wake anasankha, nthawi ya dera lake ndi mitundu ya zilembo imene ili m'kompyuta, ndipo ngakhale kanthu kalikonse pakokha sikatanthauza kanthu, tikaphatikizidwa tonse timasiyanitsa chipangizo chimodzi pakati pa zipangizo zambirimbiri. Bungwe la ku America loteteza ufulu wa anthu pa intaneti la Electronic Frontier Foundation linaonetsa zimenezi mu 2010 kudzera mu kafukufuku wotchedwa Panopticlick, amene anapeza kuti ma browser ambiri amene anayesedwa anali ndi chidindo chawochawo.

Kukula kwa ndalama zimene zili m'malondawa ndiko kumafotokoza chifukwa chake kupempha mwaulemu sikunaphule kanthu. Mu 2023 kampani ya Alphabet, imene ndi mwini wa Google, inapeza madola opitirira 237 biliyoni kuchokera ku zotsatsa malonda, pa ndalama zonse zokwana pafupifupi madola 307 biliyoni, pamene Meta, mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, imapeza pafupifupi ndalama zake zonse m'njira yomweyi. Panali nthawi imene ma browser anaikamo chizindikiro chotchedwa Do Not Track, chouza tsamba kuti mwini wake sakufuna kulondoledwa, koma popeza panalibe chokakamiza aliyense kuchimvera, makampani ambiri anangochinyalanyaza ndipo ntchito yochikhazikitsa inasiyidwa mu 2019. Mosiyana ndi zimenezi, pamene Apple inalamula mu 2021 kuti pulogalamu iliyonse ya pa iPhone iyambe yapempha chilolezo isanalondole munthu m'mapulogalamu a makampani ena, Meta inauza eni masheya ake kuti kusinthaku kuidyera ndalama zokwana pafupifupi madola 10 biliyoni mu 2022. Zochitika ziwirizi zikusonyeza kuti kulondola kumachepa pokhapokha chipangizo chenichenicho chikatseka khomo.

Mapulogalamu otchinga zotsatsa malonda amagwira ntchito yotseka khomoyo. Ambiri ndi timapulogalamu towonjezera timene munthu amaika mu browser yake, ndipo timayendera mndandanda wa maadiresi a makompyuta odziwika kuti amatumiza zotsatsa kapena kulondola anthu, moti tsamba likafuna kuitana adiresi imene ili pa mndandandawo, kuitanako kumaimitsidwa kusanatuluke m'foni kapena m'kompyuta. Mndandanda wotchuka kwambiri ndi EasyList, umene amausamalira ndi anthu ongodzipereka. Adblock Plus, imene Wladimir Palant anaitulutsa mu 2006, ndiyo inatchukitsa njirayi, koma mu 2011 inayamba kulola zotsatsa zina zimene inati n'zosasokoneza, ndipo makampani akuluakulu amalipira kuti alowe m'dongosolo limeneli, zomwe zinachititsa anthu ena kuitaya chikhulupiriro. uBlock Origin, imene Raymond Hill anaiyambitsa mu 2014 pansi pa dzina lakuti uBlock, siilandira ndalama kwa otsatsa malonda ndipo malamulo ake onse ali poyera kuti aliyense wodziwa awaunike, n'chifukwa chake akatswiri ambiri amaiona ngati muyezo wopimira zinzake. Phindu la kutchinga silithera pa kusunga chinsinsi, chifukwa chithunzi kapena vidiyo imene sinaitanidwe siidya bandulo, mfundo yofunika kwa wogwiritsa ntchito Airtel kapena TNM amene amawerengera megabayiti iliyonse. Palinso nkhani ya chitetezo, popeza mu December 2022 bungwe la FBI ku America linachenjeza kuti akuba akugula malo otsatsira pa zotsatira za kufufuza n'kumadzionetsa ngati makampani odziwika, ndipo mwa malangizo ake linatchula kugwiritsa ntchito pulogalamu yotchinga.

Apa ndi pamene kusankha browser kumalowera, popeza pulogalamu yotchinga imachita zokhazo zimene browser yailola. Ngakhale mayina a ma browser ndi ambiri, injini zimene zimawayendetsa, kutanthauza gawo limene limasandutsa malamulo a tsamba kukhala mawu ndi zithunzi, zilipo zitatu zikuluzikulu: Blink ya Chromium imene Google imaitsogolera, WebKit ya Apple, mwini wa Safari, ndi Gecko ya Mozilla, mwini wa Firefox. Chrome, imene inatuluka mu 2008 ndipo ndiyo imagwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri padziko lonse, imakhala pa Chromium pamodzi ndi Opera, Brave, Vivaldi, Samsung Internet komanso Edge ya Microsoft, imene inasamukirako mu 2020. Zotsatira zake n'zakuti Google, kampani imene imapeza ndalama zochuluka kuposa ina iliyonse pa zotsatsa malonda, ndiyonso imalemba malamulo a khomo limene anthu ambiri amalowera pa intaneti, ndipo munthu safunika kuiganizira zoipa kampaniyo kuti aone kuti mlonda wolipidwa ndi ofuna kulowa ali pa mayesero aakulu.

Zinthu ziwiri zikutsimikizira nkhawa imeneyi. Mu January 2020 Google inalonjeza kuti ichotsa mu Chrome ma cookie a makampani akunja kwa tsamba pasanathe zaka ziwiri, koma itazengereza kangapo inalengeza mu July 2024 kuti siiwachotsanso. Chinanso ndi malamulo atsopano a timapulogalamu towonjezera otchedwa Manifest V3, amene Chrome inayamba kuwakakamiza mu 2024. Kale pulogalamu yotchinga inkatha kuunika yokha kuitana kulikonse n'kusankha chochita, koma tsopano imayenera kupereka pasadakhale mndandanda wa malamulo okhala ndi malire, ndipo browser ndiyo imawatsatira. Google imati izi zimateteza anthu ku timapulogalamu toipa timene tinkatha kuwerenga chilichonse, ndipo mfundoyi ili ndi choona chake, koma chotsatira chooneka n'chakuti uBlock Origin yathunthu inasiya kugwira ntchito mu Chrome, n'kutsala mtundu wochepa mphamvu wotchedwa uBlock Origin Lite.

Ma browser ena anayenda njira ina. Safari inayamba kuchepetsa kulondola mu 2017 ndipo pofika 2020 inali itatsekeratu ma cookie a makampani akunja, pamene Firefox inayamba kutchinga olondola odziwika kwa aliyense mu 2019, kenaka mu 2022 inakhazikitsa dongosolo losunga ma cookie a tsamba lililonse m'nkhokwe yakeyake kuti asamaonane, ndiponso ikupitiriza kulola uBlock Origin yathunthu. Brave, imene inayambitsidwa ndi Brendan Eich yemwe anapanga chinenero cha makompyuta cha JavaScript, ili ndi chotchinga chomangidwira mkati mwake chimene sichidalira malamulo a Manifest V3, ngakhale kuti nayo ili ndi malonda ake otsatsa amene munthu amasankha yekha kuwalandira. Sikungakhale kuona mtima kunena kuti makampaniwa ali kutali ndi ndalama za otsatsa, chifukwa gawo lalikulu la ndalama za Mozilla limachokera ku Google, imene imalipira kuti ikhale chofufuzira choyamba mu Firefox, ndipo mlandu wa ku America umene woweruza Amit Mehta anaugamula mu August 2024 unaulula kuti Google inalipira Apple madola 20 biliyoni mu 2022 pa chifukwa chofananacho. Kusiyana kwake n'kwakuti Mozilla ndi Apple sizidalira kwenikweni kulondola munthu kuchoka pa tsamba lina kupita pa lina, choncho kutseka khomolo sikuziluzitsa zambiri.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti kutsegula zenera lachinsinsi, limene Chrome imalitcha Incognito, kumawabisa, pomwe ntchito yake yaikulu ndi kusasiya mbiri ya masamba m'chipangizocho zenera likatsekedwa. Tsamba lenilenilo, kampani ya netiweki ndi olondola amapitiriza kuona mlendoyo, ndipo mu 2024 Google inavomera kufufuta mauthenga mabiliyoni ambiri pothetsa mlandu umene anthu anaisumira ku California pa nkhani yomweyi.

Eni masamba nawo ali ndi dandaulo lomveka, chifukwa nyuzipepala imene anthu amaiwerenga ulere imalipira atolankhani ake ndi ndalama za otsatsa, ndipo owerenga onse atati atchinge chilichonse, masamba aang'ono ndiwo angayambe kugwa. Komabe dandauloli limateteza kutsatsa malonda, siliteteza kulondola anthu, popeza uthenga wa feteleza ukhoza kuikidwa pambali pa nkhani ya ulimi popanda kudziwa mbiri ya wowerenga, monga momwe manyuzipepala osindikizidwa akhala akuchitira. Mapulogalamu otchinga amalolanso munthu kumasula tsamba limene akufuna kulithandiza n'kusiya ena onse otsekedwa. Malamulo akuyesa kuika malire, monga lamulo la mayiko a ku Ulaya la GDPR limene linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018, komanso lamulo loteteza mauthenga okhudza munthu limene Malawi inakhazikitsa mu 2024 n'kupatsa bungwe la MACRA udindo woliyang'anira, koma kukakamiza kampani imene ili kutsidya kwa nyanja kumatenga nthawi yaitali kuposa kusintha browser.

Kwa anthu amene amalowa pa intaneti ndi foni ya Android yokha, mfundo yofunika ndi yakuti Chrome ya pafoni siilola timapulogalamu towonjezera, pomwe Firefox ya pa Android imalola uBlock Origin ndipo Brave imabwera ndi chotchinga chake. Opera Mini, imene ambiri anaikonda chifukwa chosunga bandulo, imapanikiza masamba powadutsitsa kaye m'makompyuta a kampani ya Opera, kutanthauza kuti wogwiritsa ntchito amapulumutsa megabayiti koma amaika maulendo ake m'manja mwa kampaniyo. Malire aakulu a njira zonsezi ndi akuti browser ilibe mphamvu pa zimene zimachitika mkati mwa mapulogalamu monga Facebook, TikTok kapena YouTube, m'mene munthu amalowa ndi dzina lake ndipo mwini pulogalamuyo amaona chilichonse chimene wadina. Kumeneko chimene munthu angachite ndi kufufuta nambala yomuzindikiritsa kwa otsatsa, imene mafoni a Android amakono amalola kuichotsa pa gawo la zachinsinsi, kumana mapulogalamu chilolezo chodziwa kumene ali pamene palibe chifukwa, ndi kuzimitsa zotsatsa zotengera mbiri yake mu akaunti ya Google, ngakhale kuti zimenezi zimangochepetsa kusankhiridwa uthenga ndipo chiwerengero cha zotsatsa zimene amaona chimakhalabe chomwecho.