Nkhuku Imodzi Ikamaodzera

M'miyezi yotentha, cha mu Seputembala kapena Okutobala, mayi woweta nkhuku amadzuka m'mawa n'kupeza thadzi limodzi lagwetsa mapiko, likuodzera pansi pa nkhokwe. Sadziwa kuti chavuta n'chiyani. Mwina latola choipa kudzala, mwina langofooka ndi dzuwa. Koma akafika pamjigo n'kumva mnzake wa kuseri kwa tchalitchi akuti kwake zafa ziwiri usiku, wa kutsidya kwa dambo akuti tambala wake wapotoka khosi, aliyense amadziwiratu kuti chitopa chalowa m'mudzi. Mwa amayi atatuwa palibe amene akanachizindikira ali yekha kwake. Chaonekera pamene nkhani zawo zakumana, ndipo amene nkhuku zake zikadali bwino amathamanga kukazitsekera m'khola n'kuyamba kufunsa za katemera uja wodontheza m'diso.

Miliri ya anthu imabisalanso chimodzimodzi. Namwino wa pachipatala chaching'ono m'mbali mwa nyanja ya Chilwa akalandira bambo wotsegula m'mimba madzi okhaokha, amamuika diripi n'kumulemba m'kaundula. Chipatala china kuseri kwa phiri chalandira awiri otero, chinanso mmodzi. Aliyense akuona odwala ake okha. Kale, ndipo m'malo ena mpaka lero, nkhani ya odwalawa inkagona m'kaundula kudikira sabata kapena mwezi uthe, wina awonkhetse pamanja, alembe pafomu, fomuyo ikwere njinga kapena ambulansi kupita kuboma. Chonsecho ngati ndi kolera, munthu akamwa madzi oipa amatha kuyamba kudwala patangopita maola 12, ena masiku mpaka 5, ndipo akapanda kubwezeredwa madzi m'thupi angathe kufa tsiku lomwelo. Fomu ikamafika kwa mkulu wa zaumoyo, m'mudzi muja aika kale maliro, ndipo pamaliropo anthu adya limodzi n'kusamba m'manja m'beseni limodzi.

Kutumizirana uthenga wa zaumoyo pafoni ndi pakompyuta kunabwera kudzatseka mpata umenewu. Zipatala zonse zimakhala ndi mjigo wawo umodzi umene zimakumanapo tsiku lililonse, popanda wina kunyamuka pampando. Kuno kwathu Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito pulogalamu ya DHIS2, imene inapangidwa ku yunivesite ya Oslo ku Norway ndipo ikugwira ntchito m'mayiko ambiri a mu Africa ndi Asia. Ndondomeko yonena zoyenera kutumiza ndi nthawi yake imatchedwa IDSR, ndipo mayiko a mu Africa anagwirizana za iyo kudzera ku bungwe la WHO mu 1998. Pali matenda amene sadikiritsa: woganiziridwa kolera, chikuku, mwana amene miyendo yafooka mwadzidzidzi, ameneyo azinenedwa asanathe maola 24. Ena amawonkhetsedwa pa sabata, ena pa mwezi. Manambala amachoka kwa mlangizi wa zaumoyo m'mudzi ndi pachipatala chaching'ono, amafika ku ofesi ya zaumoyo ya boma, kenako ku Public Health Institute of Malawi ku Lilongwe, kumene amaoneka pamapu a dziko lonse.

M'ndondomekoyi muli kalamulo kena kooneka kachabechabe kamene ine ndimakalemekeza kwambiri. Chipatala chimene sichinaone wodwala kolera ndi mmodzi yemwe sabata imeneyo chiyenera kutumizabe lipoti lolembedwa 0. Pamjigo paja, mayi amene wanena kuti kwake zonse zili bwino wathandiza kuonetsa pamene chitopa chalekezera. Koma amene sanabwere kudzatunga madzi, sitidziwa ngati kwake kuli mtendere kapena ali kalikiliki kukwirira nkhuku. Chipatala chokhala chete chingathe kukhala chimene chadzaza odwala mpaka pakhonde, moti palibe wopeza mpata wogwira foni. Wodziwa ntchito amayamba kuimbira amene sanatumize kanthu.

Tinaziona mu 2022. Mvula ya namondwe wa Ana ndi Gombe itasefukira m'zimbudzi ndi m'zitsime za kummwera, kolera anapezeka ku Machinga mu Malichi. Kawirikawiri nthendayi imazilala mvula ikatha, koma chaka chimenecho inapitirira m'chilimwe, inakwera m'mbali mwa nyanja ya Malawi mpaka ku Nkhata Bay ndi Karonga, n'kulowa m'mizinda. Pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pangozi ya zaumoyo. Pomaliza anthu opitirira 58,000 anadwala, opitirira 1,700 anamwalira, ndipo palibe boma limene linatsala. Nthawi imeneyo Unduna unkatulutsa chiwerengero cha tsiku ndi tsiku, boma ndi boma. Ambiri tinkachiwerenga ndi mantha okha, koma kwa ogwira ntchito chinali chowauza kumene galimoto ya madiripi ndi klorini ipite, kumene tenti ya odwala ikhomedwe, ndi maboma amene ayambe kulandira katemera wakumwa, popeza padziko lonse katemerayu anali wochepa. Ngakhale kuchedwetsa kutsegula sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre mu Januwale 2023 kunachokera pa manambala omwewo.

Nambala ina inali yowawa kuposa zonse. Kolera akathandizidwa msanga, womwalira safika mmodzi pa odwala 100 alionse. Kwathu anali pafupifupi 3. Kusiyana kumeneku kunkanena kuti anthu akufika kuchipatala mochedwa, ena akufera panjira kapena kunyumba, ndipo mankhwala a Thanzi obwezera madzi m'thupi ayenera kuwapeza kumudzi konko m'malo mowadikira kuchipatala. Kompyuta sinakumbe chitsime chilichonse, ndipo muzu wa kolera ukadali madzi akumwa ndi zimbudzi. Chimene inachita n'kulozera anthu ochepa ndi katundu wochepa pamalo oyenera.

Tonse timamudziwa woweta amene akaona nkhuku zayamba kuodzera sauza munthu, amangozimanga miyendo n'kuthamangira nazo kumsika. Mayiko nawo amayesedwa motero, poopa kuti alendo asiya kubwera kapena malonda aima. N'chifukwa chake malamulo a zaumoyo a mayiko onse, amene anakonzedwanso mu 2005, amati dziko likaunika n'kupeza kuti nthenda ingathe kudumpha malire, lidziwitse WHO asanathe maola 24. Mu Febuluwale 2022 Malawi analengeza kuti kamtsikana ka zaka 3 ku Lilongwe kapezeka ndi poliyo wa mtundu umene Africa inali itanenedwa mu 2020 kuti yathana nawo. Zoyeza zinapita ku South Africa ndi ku America, ndipo poyerekeza kachirombo ka poliyoko ndi zimene malabotale a mayiko ena anasunga pamakina, anapeza kuti n'kachibale ka kamene kankazungulira ku Sindh, ku Pakistan. Kudziwa zimenezi kunauza aliyense kuti nthendayo yachita kubwera, ndipo katemera anaperekedwa khomo ndi khomo kuno, ku Mozambique, ku Zambia ndi ku Tanzania. Chaka chomwecho ana ena anapezeka nayo ku Tete. Komabe kamtsikana ka ku Lilongwe kaja kanafooka miyendo mu Novembala 2021, ndipo yankho linatsimikizika patatha miyezi pafupifupi itatu. Uthenga umayenda mwachangu pa intaneti, koma zoyeza zimayendabe pagalimoto ndi pandege.

Pali pamene fanizo la mjigo liyenera kutisiya. Pamjigo nkhani imayenda ndi dzina, ndipo ikachoka pa nkhuku imafika pa miseche. Uthenga wa matenda suyenera kutero. Amene ali ku Lilongwe akufuna kudziwa kuti odwala ndi angati, a zaka zingati, ochokera mudzi uti, anayamba liti. Dzina ndi la namwino amene akusamalira wodwala ndi mlangizi amene apite kukathira klorini pakhomopo. Zipatala zathu zambiri zimasunga pakompyuta mbiri ya anthu amene amalandira ma ARV, ndipo munthu akangomva kuti zake zatuluka, sabweranso kudzatenga mankhwala. Kujambula tsamba la kaundula n'kuliponya pagulu la WhatsApp, ngakhale cholinga chikhale chofulumizitsa thandizo, n'kuika mayina a anthu m'mafoni amene amabwerekedwa, kubedwa ndi kugulitsidwa. Malawi ali ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza munthu, ndipo za thanzi zili m'gulu lofuna chisamaliro chapadera. Lamulolo liyenera kuphunzitsidwa kwa aliyense wogwira kaundula, osati kwa mabwana okha.

Mavuto ena ndi odziwika: magetsi, netiweki, bandulo. Namondwe wa Freddy atagumula misewu ndi milatho ku Phalombe, Mulanje ndi Nsanje mu Malichi 2023, madera amene ankafunika kumveka kwambiri ndiwo anali ovuta kuwafikira. Pulogalamu yabwino imalola kulemba popanda netiweki n'kutumiza ikabwera, ndipo kaundula wa pepala asatayidwe. Vuto linanso ndi la mapulogalamu ambiri osamvana, ya malungo payokha, ya labotale payokha, ya mankhwala payokha, moti munthu mmodzi amalemba wodwala yemweyo kangapo anthu ali pamzere panja.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti uthenga umakonda kukwera osatsika. Mlangizi wa zaumoyo amayenda pa njinga midzi ingapo, amakwera pachulu kusaka netiweki, amatumiza lipoti, kenako zii. Sauzidwa kuti odwala ake awiri aja ndi mbali ya odwala ambiri a m'mphepete mwa mtsinje womwewo, kapena kuti zoyeza zatuluka bwanji. Munthu wotere akayamba kudzaza fomu mongothana nazo, sindingamudzudzule. Ofesi ya boma ikalandira malipoti Lolemba, izibweza ku chipatala chilichonse chithunzi cha dera lonse sabata isanathe, pamodzi ndi zotsatira za kulabotale, kuti namwino ndi mlangizi akakhala pansi ndi amfumu ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi azitha kutchula chitsime choyenera kutsekedwa.