MAPHUNZIRO A PA INTANETI: MMENE APHUNZITSI A KU MINDA YA TIYI ANGAWAKONZERE PAMODZI

Kuphunzira munthu ali kutali ndi mphunzitsi wake si chinthu chachilendo m'Malawi muno. M'chaka cha 1965 Boma linatsegula sukulu ya maphunziro a pa kalata, imene lero ikutchedwa Malawi College of Distance Education. Wophunzira ankalandira mapepala pa positi, nayankha mafunso, nawabwezanso kuti akachongedwe. Masiku ano ntchito ya positi ija yatengedwa ndi intaneti, ndipo phunziro limafika pa foni tsiku lomwelo. Koma pamene sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, kunaoneka poyera kuti maphunziro otere amapindulira okhawo amene ali ndi zipangizo. Ana ambiri a kumudzi anangokhala. Chotero nkofunika kuti aphunzitsi a m'madera onga a minda ya tiyi ku Thyolo adziwe makonzedwe ake a maphunziro amenewa, kuti asamangodikira zokonzedwa ndi anthu a m'tauni.

KODI SCRATCH NCHIYANI?

Kompyuta ilibe nzeru zakezake. Imachita zokhazo zimene munthu wailamula, ndiponso imatsata malamulowo mu ndondomeko imene alembedwera. Luso lolemba malamulo amenewa ndilo limene ana a m'maiko ambiri akuphunzira kusukulu.

M'chaka cha 1967 Seymour Papert, amene anabadwira ku South Africa, pamodzi ndi anzake anakonza chiyankhulo cha kompyuta cha ana chotchedwa Logo. Mwana ankalamula kamba kuti ayende kapena atembenuke, ndipo kambayo ankasiya mzere m'mbuyo mwake. Wophunzira wake wa Papert, Mitchel Resnick, ndi gulu lake pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, anatulutsa pulogalamu ya Scratch m'chaka cha 2007. Inakonzedwera makamaka ana a zaka 8 kufikira 16, ndipo m'chaka cha 2014 kunatulukanso ScratchJr ya ana a zaka 5 kufikira 7. Zonse ziwiri nzaulere.

Mu Scratch mwana salemba mawu ambiri. Malamulo ali ngati njerwa za mitundumitundu, ndipo iye amazikoka nazilumikiza ina pansi pa inzake. Pa galasi la kompyuta pali mphaka amene amamvera malamulowo mwana akadina kambendera kobiriwira. Akalamula kuti, "yenda mapazi 100, tembenuka madigiri 90, bwereza kanayi," mphakayo amayenda nabwerera pamene anayambira, atazungulira mbali zinayi zofanana. Akalakwitsa nambala, mphaka amasochera, ndipo mwanayo amafufuza yekha pamene panalakwika. Phindu lenileni lili pamenepa: mwana amazolowera kuganiza mwadongosolo ndi kukonza cholakwa chake mosachita mantha.

ZIMENE ZILIPO KALE

Ntchito imeneyi siyambira pa chabe. Kampani ya SAP inayambitsa Africa Code Week m'chaka cha 2015, ndipo njira yake inali yoyamba kuphunzitsa aphunzitsi Scratch kuti iwo akaphunzitse ana. Ku Lilongwe, bungwe la mHub limene anayambitsa Mayi Rachel Sibande laphunzitsa ana ndi atsikana luso lolamula kompyuta. M'chaka cha 2023 Boma linayamba ntchito ya BEFIT, yopereka matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Matabuleti amenewa amaphunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, osati kulemba malamulo a kompyuta, komabe amathandiza ana kuzolowera zipangizo.

M'boma la Thyolo momwemo muli sukulu ya ukachenjede ya Malawi University of Science and Technology ku Ndata, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2014 ndipo imaphunzitsa za kompyuta. Mulinso koleji ya aphunzitsi ya Amalika. Anthu odziwa zinthuzi, tsono, ali pafupi.

Kunja kulinso zitsanzo zabwino. M'chaka cha 2013 a ku MIT anatsegula maphunziro aulere a pa intaneti otchedwa Learning Creative Learning, naika ophunzira m'timagulu kuti azithandizana. Chaka chomwecho Karen Brennan wa ku Harvard anatsogolera maphunziro a Scratch a aphunzitsi a masabata 6.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Maphunziro okonzedwa ndi munthu mmodzi kawirikawiri amagwa, pakuti palibe munthu amene amadziwa zonse. Katswiri wa kompyuta amadziwa Scratch, koma sadziwa mmene kalasi ya ana ochuluka imayendera. Mphunzitsi amadziwa ana ake, koma mwina sanagwirepo pulogalamuyi. Chotero pa msonkhano woyamba payenera kukhala aphunzitsi a sukulu zingapo zoyandikana, mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa maphunziro wa m'deralo, munthu wodziwa kompyuta, ndiponso kholo la m'komiti ya sukulu. Ngati sukulu ili pa esiteti, nkwabwino kuitananso woimira akuluakulu a pa esitetipo, popeza chipinda cha magetsi chingapezeke kwa iwo.

Funso loyamba likhale ili: pakutha pa maphunziro, wophunzira adzatha kuchita chiyani? Yankho likhale lachidule ndi looneka ndi maso, monga lakuti mphunzitsi aliyense adzapanga pulogalamu imodzi yaing'ono nadzaphunzitsa ana ake phunziro limodzi. Yankholi likalembedwa, phunziro lililonse losathandiza kufika pamenepo lichotsedwe.

Lachiwiri ndi kuwerenga zipangizo moona mtima. Kodi makompyuta alipo angati? Ndi mafoni angati amene amalowa pa intaneti? Magetsi ali kuti? Scratch ingathe kuikidwa pa kompyuta kamodzi nkumagwira ntchito popanda intaneti, ndipo ichi chimachepetsa ndalama za mabandulo. Mafilimu aatali amadya bandulo msanga, choncho phunziro lililonse likhale pa tsamba limodzi la mawu ndi zithunzi, lotheka kutumiza pa WhatsApp kapena kusindikiza pa pepala.

Lachitatu ndi nyengo. Ku Thyolo tiyi amathyoledwa kwambiri m'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala kufikira Epulo. Nthawi imeneyi makolo amakhala otanganidwa m'minda ya tiyi ndi m'minda yawo yomwe, ndipo misewu ina ya fumbi imaterera. Misonkhano yokomana pamaso imayenda bwino m'chilimwe. Okonza apewenso masabata a mayeso.

KUGAWANA NTCHITO

Zimenezi zikadziwika, ntchito igawidwe ndipo dzina la munthu lilembedwe pa gawo lililonse pamodzi ndi tsiku lomalizira. Wina alembe phunziro, wina aliwerenge ndi kulikonza, wina azilandira mafunso a ophunzira. Mapepala onse asungidwe pa malo amodzi, kuti pasakhale awiri osiyana onena za phunziro limodzi.

Gulu ligwirizanenso za mawu. Ngati wina alemba "bwereza" pamene mnzake walemba "chitanso" pa njerwa imodzimodzi ya repeat, ana adzasokonezeka. Mndandanda wa mawu ogwirizana ulembedwe pachiyambi ndipo onse autsate. Kumene ana amayankhula Chilomwe pakhomo, mphunzitsi wodziwa chiyankhulocho athandize pofotokoza.

Zitsanzo zitengedwe pa moyo umene ana akuudziwa. Mwana wa pa esiteti amadziwa dengu, sikelo ndi kalaliki wolemba makilogalamu. Iye angapange pulogalamu imene imafunsa kulemera kwa tiyi katatu. Akaipatsa 15, 18 ndi 12, iyo imayankha 45, ndipo akaiuza mtengo wa kilogalamu imodzi imawerengera ndalama zonse. Potero waphunzira masamu ndi kulamula kompyuta nthawi imodzi, ndiponso kholo lake laona kuti si masewera chabe.

Kumene kulibe kompyuta phunziro lisaime. Pa bwalo la sukulu mwana mmodzi akhale "mphaka", anzake amulembere malamulo pa pepala, iye nawatsata monga alembedwera osawonjezapo kanthu. Akagunda mtengo, olembawo afufuze lamulo limene linalakwika.

KUYESA NDI KUSAMALA

Asanaitane anthu ambiri, okonza ayese sabata loyamba ndi aphunzitsi atatu kapena anayi amene sanaonepo Scratch. Pamene iwo akakamira ndi pamene phunziro liyenera kulembedwanso. Anthu ambiri amene amayamba maphunziro a pa intaneti samaliza, makamaka akamaphunzira okhaokha. Mankhwala ake ndi kuika ophunzira awiriawiri ndi kukomana nthawi ndi nthawi pa malo a TDC, aliyense atabweretsa chimene wapanga ngakhale chisanathe.

Pulogalamu imene munthu waionetsa pa tsamba la Scratch, wina aliyense ali ndi ufulu woitenga ndi kuisintha, malinga atchule mwini wake. Ana auzidwe zimenezi bwinobwino. Auzidwenso kuti asalembe maina awo enieni, mudzi wawo kapena nambala ya foni pa intaneti.

Aphunzitsi amene ali ndi chidwi ayambe ndi kukamba nkhaniyi ndi mphunzitsi wamkulu ndi mlangizi wa maphunziro wa m'dera lawo. Kompyuta imodzi, mafoni angapo ndi aphunzitsi asanu ogwirizana nzokwanira poyambira. Mafumu ndi makolo nawonso alimbikitse ana, atsikana ndi anyamata omwe, kuti tsiku la phunziroli asajombe.